Kudaya Imvi ku Mabvuku

Imvi zinandiyamba msanga. Ndinatengera bambo anga, amene anabwera m'dziko la Ashona lino kuchokera ku Dedza akadali mnyamata kudzagwira ntchito pafakitale ya simenti, ndipo anzawo ankawaseka kuti fumbi la simenti lakanirira m'mutu mwawo. Ine zinandiyambira pamphumi, kenako m'mbali mwa makutu, ndipo pofika chaka chimene mwana wanga wamkazi anatiuza kuti wapeza mwamuna, mutu wonse unali mbuu. Sizinkandisowetsa tulo. Ndine mayi wa chigwirizano kutchalitchi kwathu, duku silichoka kumutu, komanso muno mu Mabvuku munthu ukadzuka umayamba waganiza za madzi, za tsitsi zimabwera pambuyo.

Chinandisokoneza mutu ndi maliro ena ku Tafara. Ndinapitako ndi mng'ono wanga, wopondana nane ndithu. Iyeyu amagulitsa zovala za kaunjika ndipo zabwino zonse amayamba wavala yekha. Wigi sachoka kumutu, nsidze n'zojambula, zikhadabo zofiira psuu. Tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, duku langa linasendera kumbuyo, ndiye mayi wina wachilendo anayang'ana ine, nayang'ana mng'ono wangayo, n'kumufunsa m'Chishona mwaulemu wake wonse: "Ava ndimai venyu here?" Ankafunsa ngati ine ndine mayi ake.

Mng'ono wanga anaseka mpaka kugwetsa chipande, pamaliro pomwepo. Pobwerera ananditsegulira njira m'kombi, minibasi za kuno zija, uku akufuula: "Apatseni malo amayi anga awa, miyendo inatha!" Ndinasekako ndi mano okha. Mawu a mayi uja anandikhala pamtima ngati munga wa nsomba pakhosi.

Ana anga ena ndi amuna ndipo ali ku Joni. Wamkazi ndi mmodzi yekhayu, chitsirizira, ndipo mwamuna amene anamupeza ndi Mshona wa ku Kuwadzana. Makolo athu kumudzi sankalowola, bambo anga ankati mwana wawo si mbuzi yoti aike pamsika, koma ife tinabadwira muno ndipo tinatengera za eni dziko. Pa mwambo wonse wa malowolo, ine chimene ndinkadikira ndi chimodzi. Amuna akatha zokambirana zawo, mkamwini amaitanidwa kulowa m'nyumba. Amavula nsapato pakhomo, n'kunjuta pansi pamodzi ndi abale ake, n'kuwomba m'manja kupereka moni kwa mayi wa mkazi wake. Tsikulo lisanafike sayenera kukudziwa, mukakumana pamsewu amakhotera kwina. Moni umenewo ndiye umakuika pampando wa umayi pamaso pa mabanja awiri, ndipo umaperekedwa kamodzi. Ndinali nditaimbira anzanga nthungululu mpaka kusasa mawu pa malowolo a ana awo. Yankho langa ndinali nditaliloweza kalekale, ndinkaliyeserera ndikusesa pabwalo.

Mwana wanga atanena kuti mnzake adzajambula zonse pafoni, ndinayamba kuona chithunzicho m'maso mwanga: ine pamkeka, mng'ono wanga pambali panga, anthu a ku Kuwadzana akuloza ndi chala kufunsa kuti agogo a mtsikana ndi atiwo. Duku likanabisa, inde, koma imvi za pamphumi ndi za m'makutu zimasuzumira ngakhale umange chotani.

Ndinawayesa amuna anga tsiku lina tikumwa tiyi. "Bambo, bwanji nditadetsako tsitsili?"

Anaika kapu pansi. "Mayi, mukufuna kukwatiwanso? Ine ndinakwatira wa tsitsi lakuda, pano ndili ndi wa tsitsi loyera. Akazi awiri, malowolo amodzi. Musandiwonongere phindu langa."

Anaseka okha. Ine ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima ndimakhala chete n'kuchita zomwezo. Kusaluni ya kumashopu sindikanapita, chifukwa nkhani ya kumeneko imafika kutchalitchi iwe usanafike kunyumba. Mng'ono wanga sindikanamuuza, akanandiimba nyimbo Tafara yense. Ndinakagula paketi ya dayi m'tauni kwa mayi wina woyala malonda m'mbali mwa msewu. Papaketipo panali mkazi wachimwenye wa tsitsi lofika m'chiuno, ndi zolemba zimene sindinathe kuwerenga. Wogulitsayo anandiuza kuti ndisungunule ufawo, ndipake, ndidikire pang'ono, ndisambe. Zoti pang'ono anabwereza kawiri. Paketiyo ndinaibisa m'thumba la yunifolomu ya chigwirizano, poti m'menemo simupisa munthu.

Malowolo anali Loweruka. Sabata yonseyo mwana wanga ndi mng'ono wanga anakhalira kutunga madzi kumjigo, kudzaza mgolo wa m'khitchini, zigubu, mapoto akuluakulu, chilichonse chokhala ndi pansi. Mwanayo anavundikira mgolowo n'kulengeza kuti awa ndi madzi a alendo, ngakhale bambo ake akamva ludzu akapemphe kwa aneba. Mpopi wathu unali utauma kwa nthawi yaitali moti mavu anali atamangapo nyumba.

Lachisanu masana, awiriwo atapita ku Mbare kukagula nkhuku ndi ndiwo zamasamba, amuna anga atapita kutchalitchi kukabwereka mipando, mpopi uja unatsokomola. Ndinamva mayi wa kutsidya kwa msewu akufuula kuti madzi abwera, zitseko zikumenyeka, ndowa zikulira. Ine ndekha m'nyumba, madzi akutuluka, paketi ili m'thumba. Ndinati Mulungu wandiyankha. Andikhululukire pomulowetsa m'zimenezi.

Mwana aliyense wobadwira mu Mabvuku amadziwa kuti mpopi ukatsokomola umayamba wadzaza ndowa, zina zonse pambuyo. Ana anga ndinawaphunzitsa zimenezi ndi makofi. Ndowa yopanda madzi inalipo imodzi, yokolopera, ndipo ndinaidumpha ndi mwendo pothamangira kubafa. Ndinasungunula ufa uja m'chitini cha majarini, n'kumapaka ndi mswachi wakale, kalilole wosweka nditamutsamiritsa pawindo. Fungo lake linali loboola mphuno. Ndinapaka mowolowa manja, pamphumi kawiri, m'makutu kawiri, kuti imvi ngakhale imodzi isapulumuke. Ndinadikira pang'ono paja, ndinawerama, ndinatsegula mpopi. Unalavula madzi ofiira odzaza chikhatho, unapuma mpweya, basi zii.

Ndinaupotokola, ndinaumenya, ndinautukwana mawu amene mayi wa chigwirizano sayenera kuwadziwa. Kenako ndinapita kukhitchini n'kuima pamaso pa mgolo uja. Madzi anali pomwepo, oyera, odzaza mpaka kukamwa. Koma dayi sachoka ndi kapu imodzi, ndipo mwana wanga akanaona kuti madzi atsika, akanafunsa, ine ndikanayenera kuyankha mng'ono wanga ali pomwepo. Ndinavundikiranso. Ndinavala pepala la pulasitiki kumutu, ndinamanga duku pamwamba, ndinatola ndowa yokolopera ija, ulendo wa kumjigo. Unali mwezi wotentha uja mvula isanagwe, pamene phula la mumsewu limafewa.

Mpopi ukanamiza anthu chotere, onse amathamangira kumjigo nthawi imodzi. Mzere wa zigubu unali utafika pakona ya mpanda wa sukulu. Ndinaika ndowa yanga kumapeto n'kuima. Pamjigo pathu pali lamulo losalembedwa loti okalamba saima pamzere, ndipo ine ndinali nditazolowera kulidyerera lamulolo popanda kuliganizira. Tsikulo mayi wina wa ku Tete, amene amachita lendi kuseri kwa tchalitchi, anali pafupi ndi kutsogolo, mwana ali kumsana. Atandiona anabwera, anapinda maondo, nandilankhula m'chinenero chathu chomwe.

"Agogo, bwerani mutunge pamalo panga. Dzuwali lakula."

Mutu unali utayamba kale kuyabwa. Ndikanangoti zikomo, nkhani yonse ikanathera pomwepo. Koma pakamwa panga sipadikira mutu.

"Agogo ako ndani? Ndinabala amako ine?"

Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka. Mayi uja anayang'ana pansi, anakonza mwana wake kumsana, nabwerera pamalo pake. Munthu wosalakwa, wondichitira ulemu, ndinamuyalutsa pagulu chifukwa cha mawu amene mayi wina ananena ku Tafara. Manyazi anandigwira nthawi yomweyo, koma nditakalipa chotero sindikanathanso kupita kutsogolo. Ndinaima pamalo panga ngati mtsikana, poti ndi zimene ndinafuna.

Pansi pa pulasitiki paja panayamba kuwira. Poyamba kunali kuyabwa, kenako ngati linthumbu lalowa m'tsitsi, kenako moto weniweni. Thukuta linapeza njira kuseri kwa khutu n'kutsikira m'khosi. Mnzanga wina wa kutchalitchi amene anali kumbuyo kwanga anandikodola.

"Mayi, chikutuluka m'mutu mwanumo n'chiyani? Kolala yonse yada bii."

Ndinati ndi mankhwala a mutu waching'alang'ala, andipatsa achibale. Anangoti "Ooo," n'kusendera kumbuyo pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti pofika Lachinayi amayi onse adzakhala atamva zoti ndimayenda kwa asing'anga. Ndinalola kuti anditenge ngati wa zitsamba kusiyana n'kuti adziwe kuti ndadaya imvi. Nanga nzeru zinali kuti pamenepa?

Pamene ndinkapopa madzi anga dzuwa linali litapendeka. Kunyumba ndinapeza anthu abwera, nkhuku zikulira pakhonde, alamu anga a ku Kadoma atafika ndi zikwama, wina ali m'bafa akusamba madzi a m'botolo. Ndinapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi monga mwa ulemu, mutu ukuyaka. Nditalowa m'bafa ndinatsuka mpaka ndowa inatha. Khungu la pamutu linali lofewa ngati lapsa ndi phala. Koma tsitsi linada, linada ngati polishi wa nsapato, ndipo ndisabise, nditayang'ana pakalilole paja ndinamwetulira. Ndinatembenuza mutu uku ndi uku. Ndinamanganso duku n'kukathandiza kusosola nkhuku.

M'mawa wa Loweruka maso anakana kutseguka. Ndinayesa kuti ndi manthongo, ndinapukuta, chala chinakumana ndi chinthu chofufuma chimene sichinali chikope changa. Mphumi inali itatupa mpaka kulendewera, makutu atanenepa akuchucha madzi, pilo atamatirira kutsaya. Amuna anga atayatsa nyali anangoti, "Mayi! Mayi, mwatani?" Munthu wokonda nthabwala uja analibe nthabwala ngakhale imodzi.

Anaitana mng'ono wanga. Ndinadikira kuseka kwake, koma sanaseke, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa. Anamasula duku pang'onopang'ono, ananunkhiza, anakhala pabedi.

"Achemwali, bwanji osandiuza? Izi timayamba tayesa kuseri kwa khutu. Ine ndikanakupakani bwinobwino, ndi dayi wabwino, osati wa mumsewu." Kenako anafunsa, "Kodi ndi za ku Tafara zija?"

Anapita kukadzutsa namwino amene amakhala mumsewu mwathu, ndipo iyeyo anandipatsa mapiritsi ndi mafuta opaka, nati kutupaku sikuphwa lero kapena mawa, ndipo kupuma kukayamba kuvuta andithamangitsire kuchipatala. Kupuma sikunavute. Ndikanakonda kukanavuta, bwenzi ndili ndi chifukwa chomveka chosowera pakhomo.

Alendo anali atanyamuka kale, ena atachokera kumudzi kwawo dzulo lake. Zoimitsa mwambo panalibe. Mchimwene wanga, amalume a mtsikana, anaima pakhomo la chipinda osalowa, nati kwathu ngakhale kwa Ashona mayi wamng'ono ndi mayi, choncho zikavuta mng'ono wanga akhoza kukhala pamkeka m'malo mwanga. Ananena mofatsa, koma ndinamva kuti mano alumana.

Mwana wanga analowa atavala kale diresi la chitenje chimene tinasankha limodzi. Langa la nsalu yomweyo linali lopachika kuseri kwa chitseko, lositasita. Ndinakweza chikope ndi chala kuti ndimuone. Anali wokongola moti ndinachita mantha. Sanakalipe, sanafunse kuti n'chifukwa chiyani. Anangogwada pafupi ndi bedi.

"Amayi, pumulani m'mawa uno. Koma nthawi ija ikafika mutuluka, eti?"

Ndinati tiona.

Nyumba zathu za muno n'zazipinda zinayi, khoma lake lopyapyala, munthu akayetsemula pabalaza wa kuchipinda amati pepani. Ndinamva zonse. Ndinamva galimoto ikuima, mkhalapakati wawo akupempha kulowa, mchimwene wanga akudzikoka monga amachitira amalume, amuna anga akuseka pamene sanayenera kuseka. Ndinamva mapoto kukhitchini, mng'ono wanga akulamula atsikana ndi mawu anga enieni. Fungo la nkhuku linalowa pansi pa chitseko. Ine gone chagada, nsalu yonyowa pamphumi, tsitsi lakuda bii limene palibe akanalisirira.

Dzuwa litafika pamutu, phokoso la pabalaza linasintha, mipando inakokedwa, ndipo chitseko changa chinatseguka. Anali mwana wanga.

"Amayi, akuti aitane mkamwini. Dzukani ndikuvalitseni."

Ndinamuuza kuti andipatse kalilole. Anakana, ndinaumirira, anandipatsa. Chimene ndinaona sichinali nkhope ya munthu woti n'kupatsidwa moni. Maso anali timizere tiwiri, mphumi yonyezimira ndi mafuta, mzere wakuda utadutsa pamwamba pa nsidze, makutu ngati a munthu wolumidwa ndi njuchi. Ndinaganiza za mafoni aja. Ndinaganizanso zimene anthu a dziko lino amanena za ife ochokera ku Malawi, zoti ndife a mankhwala, ndipo ndinamva kale azakhali a mnyamatayo akunong'onezana m'galimoto pobwerera kuti mayi wa mtsikana zam'bwerera. Ndinamuuza mwana wanga zimenezi, ndinati ndikuteteza iyeyo, kuti asakalowe m'banja la eni ndi mbiri yoipa. Zinamveka zanzeru. Koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti sindinkafuna kuonedwa ndili wonyansa, basi. Chimene chinandiimika padzuwa kumjigo ndi chomwecho chimene chinandigoneka pabedipo.

Mwana ameneyu anakulira m'Chishona, kusukulu, mumsewu, kuntchito. Chichewa amalankhula ndi ine ndekha, chopindikapindika, pofuna kundisangalatsa. Tsikulo anachilankhula chowongoka moti sindinamumvepo chotero.

"Amayi, anthu aja sanabwere kudzaona nkhope. Ndikufundani chitenje, mukhala pakona, muyang'ana pansi. Mungoyankha moni basi. Munandibala ndinu. Ndikupempha, tulukani."

Kunja mchimwene wanga anatsokomola, kutanthauza kuti anthu akudikira. Mwanayo anagwira phazi langa ndi manja onse awiri.

"Sindingathe," ndinatero, n'kutembenukira kukhoma.

Anakhalabe chogwada kanthawi. Kenako anasiya phazi langa, anaimirira, ndinamva akusasa fumbi m'maondo. Sanamenyetse chitseko. Ali m'kanjira kopita pabalaza anaitana mng'ono wanga, ndipo anamuitana m'Chishona, ndi mawu ouma a munthu wa pantchito: "Mainini, huyai mugare." Anati mayi aang'ono abwere adzakhale.

Ndinamva zibangili za mng'ono wanga zikudutsa pakhomo langa. Zinaima pang'ono, ngati akudikira kuti mwina ndiitana, kenako zinapitirira. Mkeka unayalidwa. Panja nsapato zinavulidwa, mapazi analowa mwakachetechete, nyumba yonse inati zii, ngakhale ana a kukhitchini. Ndiye kunayamba kuwomba m'manja kuja, kwa amuna, kwa zikhatho zofumbata, kolemera, kosathamanga. Kunadutsa khoma ngati kuti kulibe khoma. Kutatha, mawu a mnyamata amene ndinali ndisanamuyang'anepo m'maso anamveka akupereka moni uja m'Chishona.

"Makadii, amai?"

Pakamwa panga panatseguka pokha. Koma mng'ono wanga anali atayankha kale, bwinobwino, mwaulemu, monga ndikanayankhira ine, ndipo nthungululu zinaphulika pabalaza, kukhitchini, mpaka kwa aneba kuseri kwa mpanda. M'phokoso limenelo nanenso ndinayankha, chapansipansi, milomo ili pafupi ndi khoma.

"Tiripo, mukwasha. Tili bwino, mwana wanga."

Palibe anamva.